Umboni Wako Uli Pati?

  Akomiti anandipempha kuti ndilankhuleko za sayansi, makamaka chifukwa cha anzathu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene pepala la praktikolo likuwadikira kutsogoloku. Koma inu amene munatsanzikana nayo kale sukulu musayambe kusewera ndi mafoni, nkhaniyi ikukukhudzaninso, muona tikamapita.

Ndiyambe ndi zomwe tonse tazionapo. Talowa mu labotale, kapena m'kalasi momwemo aphunzitsi abweretsa zipangizo mu katoni, monga zimakhalira m'sukulu zambiri za CDSS. Tayeza, talemba manambala mu tebulo, mwina tajambula ndi girafu yomwe. Ndiye pansi penipeni pali kamzere kaja kolembedwa kuti conclusion. Pamenepo munthu amasiya kuyang'ana tebulo lake. Amayang'ana kudenga, kukumbukira zomwe analoweza mu notsi, n'kulemba zomwezo. Tebulo lili pamwamba, conclusion ili pansi, pepala ndi limodzi, koma sizikuyang'anana, ngati mkamwini ndi apongozi ake. Ena amafika pofufuta nambala yomwe apeza n'kulembapo ina yooneka bwino kuti igwirizane ndi buku. Kumeneko ndi kukopera basi, kungoti ndi kukopera kotopetsa, chifukwa wayamba wavutika ndi zingwe ndi mawotchi.

Chomwe ndikufuna tione lero ndi mmene munthu amachokera pa manambala omwe wayeza yekha, mpaka kufika pa mfundo yoti angathe kuiteteza wina akamutsutsa.

Taganizani za mlandu kwa amfumu. Mayi wina akuti mbuzi ya auje yamudyera chimanga. Imeneyo ndi mfundo yake. Nduna zikufunsa kuti umboni uli pati, iye akuloza mapazi a mbuzi m'munda ndi chimanga chodyedwacho. Umenewo ndi umboni, inde. Koma nduna yochenjera siimira pomwepo. Ifunsa kuti, kodi mudzi uno muli mbuzi imodzi? Mapaziwo akusonyeza kuti m'mundamo munalowa mbuzi, sakusonyeza kuti ndi ya yani. Ndiye pakufunika chinthu chachitatu: kufotokoza chifukwa chomwe umboniwo ukuloza kwa auje osati kwa wina. Mwina chingwe choduka chomwe chinakola pampanda ndi chawo, mwina mapaziwo akukathera kukhola lawo. Mu sayansi n'chimodzimodzi. Pali zomwe ukunena, pali manambala ako, ndipo pali kufotokoza kolumikiza ziwirizi. Chachitatuchi ndi chimene ambirife timachidumpha.

Tiyeni titenge funso losavuta. Pa katungwe, wonenepa ndi wochepa thupi, ndani amene amapita n'kubwerera mwachangu? Ndikudziwa ena mwayankha kale mumtima. Wina akuti wonenepa, chifukwa ndi wolemera ndiye amatsika ndi mphamvu. Wina akuti wochepa thupi, chifukwa ndi wopepuka. Onse awiri akumveka anzeru, ndipo tikhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa. Koma funsoli ndi lomwe lija la pendulum la mu Physics, ndipo silifuna labotale ayi. Likufuna chingwe chopyapyala, miyala iwiri, msomali pa felemu la chitseko kapena nthambi ya mango, tepi yoyezera, ndi wotchi ya pafoni.

Tisanagwire wotchi, tidzifunse kuti n'chiyani chomwe chingasinthe nthawi yomwe mwalawo utenge. Pali kulemera kwa mwala, pali kutalika kwa chingwe, palinso mtunda womwe waukokera mwalawo usanautaye. Ukasintha ziwiri nthawi imodzi, wadzisokoneza wekha. Mwala waukulu pa chingwe chachitali, mwala waung'ono pa chingwe chachifupi, nthawi zasiyana. Ndiye wolakwa ndani, mwala kapena chingwe? Sungadziwe. N'chifukwa chake timasintha chimodzi, zinazo tizisiya momwe ziliri. Izi aliyense amaziloweza pamayeso, koma muona posachedwapa kuti kuzichita n'kovutirapo kusiyana ndi kuzinena.

Tsopano kuyeza. Ulendo umodzi ndi pamene mwala wapita n'kubwerera pomwe unayambira. M'mabuku amati oscillation. Pa chingwe cha masentimita 100, ulendo umodzi umatenga pafupifupi masekondi 2. Vuto n'lakuti chala cha munthu chimachedwa. Kuchokera pomwe diso laona kufika pomwe chala chadina pamadutsa pafupifupi 0.2 ya sekondi, ndipo kuchedwa kwake sikufanana nthawi zonse. Ukayeza ulendo umodzi wokha, 0.2 pa masekondi 2 ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuphonya kwakukulu kumeneko. Koma ukawerenga maulendo 20, chala chimalakwitsa chimodzimodzi, pomwe nthawi yonse ndi masekondi 40. Tsopano kuphonyako kwakhala gawo limodzi mwa magawo 200. Ndicho chifukwa chake pepala la mayeso limakuuza kuti uwerenge maulendo 10 kapena 20. Sikuti akufuna kukutopetsa.

Tiyerekeze kuti tayeza, chingwe masentimita 100, maulendo 20, katatu pa mwala uliwonse. Mwala waung'ono watipatsa 40.2, 39.8 ndi 40.3. Mwala waukulu watipatsa 40.5, 40.0 ndi 40.4. Avereji ya waung'ono ndi 40.1, ya waukulu ndi 40.3.

Apa mpamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pano. Mnzathu uja amati wopepuka ndiye wachangu adumpha n'kunena kuti, "Mwaona? 40.1 ndi yochepa kuposa 40.3. Ndapambana!" Ndipo sakunama, 40.1 ndi yochepadi. Koma tayang'anani manambala a mwala waung'ono pawokha. Mwala womwewo, chingwe chomwecho, munthu woyeza yemweyo, wapeza 39.8 ulendo wina, 40.3 ulendo wina. Asiyana ndi 0.5, pomwe palibe chomwe chasintha. Ndiye kuti 0.5 ameneyu ndi kunjenjemera kwa manja athu ndi maso athu. Tsono kusiyana kwa miyala iwiriyi ndi 0.2 yokha, yochepa kuposa kunjenjemera kwathuko. Onaninso kuti mwala waukulu, womwe akuti ndi wochedwa, ulendo wina unapeza 40.0, kuposa maulendo awiri a mwala waung'ono. Kusiyana kotere sungamangirepo mfundo. Zili ngati kuyeza thumba la chimanga pa sikelo yomwe imati 50 lero, mawa 52, kenako n'kumakangana za theka la kilo.

Ndiye funso loyamba ukakhala ndi manambala awiri osiyana si lakuti wamkulu ndi uti. Funso ndi lakuti, kodi kusiyanaku n'kwakukulu kuposa mmene manambala anga amasiyanirana okhaokha ndikabwereza chinthu chomwecho? Amene wayeza kamodzi kokha sangayankhe funsoli, chifukwa sakudziwa kuti dzanja lake limaphonya motani. Kubwereza katatu kuja ntchito yake si kungopezera avereji. Kumakuonetsa kukula kwa kuphonya kwako. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyerekezenso kuti mnzathuyo sanagonje. Wabwereza kakhumi, ndipo mwala waukulu ukuchedwabe ndi 0.2 nthawi zonse. Tsopano tiyenera kumumvera. Koma tisanavomere kuti chachititsa ndi kulemera, tifunse ngati nduna ija: mbuzi ndi imodzi yokha? Kutalika kwa pendulum sikuthera pa mfundo yomwe wamanga pamwalapo. Kumayezedwa kuchokera pamsomali kufika pakati penipeni pa mwala. Mwala waukulu pakati pake pamakhala pansi kuposa pa mwala waung'ono. Ndiye ukangomasula wina n'kumangapo wina pa chingwe chomwecho, wasintha zinthu ziwiri osadziwa: kulemera ndi kutalika. Ndipo sentimita imodzi yokha yoonjezera pa masentimita 100 imachedwetsa maulendo 20 ndi pafupifupi 0.2 ya sekondi. Ndendende kusiyana komwe timakanganira kuja! Njira yabwino ndi kutenga kabotolo kamodzi, kuyeza kali kodzadza mchenga, kenako kali kodzadza madzi. Kukula n'kumodzi, pakati pake ndi pomwepo, chasiyana ndi kulemera kokha. Kakhale kodzadza ndithu, chifukwa mukakasiya theka pakati pa kulemera kwake patsika, mwabwereranso ku vuto lomwe lija.

Tsono tikalemba mfundo yathu, mawu tiwasankhe bwino. Kunena kuti "kulemera kulibe ntchito" ndi kunena kuti "pa miyala yomwe tinayesa sitinapeze kusiyana koposa kuphonya kwa wotchi yathu" si chinthu chimodzi. Chachiwirichi n'chachitali, sichikoma m'kamwa, koma n'chimene manambala athu angathe kuchinyamula.

Tibwere ku chingwe. Mwala ndi umodzi, tikusintha kutalika. Pa masentimita 25, maulendo 20 atenga pafupifupi masekondi 20. Pa masentimita 50 ndi pafupifupi 28. Pa masentimita 100 ndi pafupifupi 40. Manambala amenewa mukayesa kunyumba muwapeza, ngati mwayeza kutalika bwino. Apa palibe chokayikitsa: kusiyana ndi masekondi 8, masekondi 12, pomwe dzanja lathu limaphonya ndi theka la sekondi. Ambiri amalemba kuti chingwe chikatalika nthawi imachuluka, n'kutseka kope. N'zoona, koma wasiya nyama yambiri pafupa. Tayang'anitsitsani. Kuchoka pa 25 kupita pa 50 chingwe chatalika kawiri, koma nthawi sinachuluke kawiri. Ikanatero ikanakhala 40, pomwe ife tapeza 28. Nthawi yachuluka kawiri pamene chingwe chatalika kanayi, pa 100. Ndiye kuti ukajambula girafu ya nthawi ndi kutalika, mzere wake ukhala wokhota. Amene agwira rula n'kukakamiza mzere wowongoka pamadontho amenewa akunamizira manambala ake.

Chitani izi: pezani nthawi ya ulendo umodzi, ndiye kuti 1.0, 1.4 ndi 2.0, kenako iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe. Mupeza pafupifupi 1, 2 ndi 4. Kutalika kunali 25, 50, 100. Mwaona eti? Tsopano zikuyendera limodzi, ndipo girafu yake ndi yowongoka. Pamzere womwewu mpomwe anzathu a Fomu 4 amawerengera mphamvu yomwe dziko limakokera zinthu pansi n'kupeza nambala ija ya pafupifupi 9.8.

Mfundo ikafika pamenepa imayamba kulosera, ndipo pamenepo mpokoma. Ngati zomwe tapezazi n'zoona, chingwe cha masentimita 225, chomwe ndi 25 kuchulukitsa ka 9, chiyenera kutipatsa masekondi 3 pa ulendo umodzi, ndiye kuti pafupifupi masekondi 60 pa maulendo 20. Nambalayi uilembe usanayeze, anzako aione. Kenako kwera mumtengo, manga chingwe, yeza. Ikatuluka 60, mfundo yako yalimba kwambiri, chifukwa inali ndi mpata wogwa koma sinagwe. Ikatuluka 75, pali china cholakwika ndipo uyenera kubwerera. Kufotokoza zinthu zitachitika kale aliyense amatha, ngakhale okonda mpira amatha timu yawo ikaluza. Kunena zisanachitike ndiye kumafuna mtima.

Nanga nambala ija yosamvera? Wayeza pa masentimita 100, wapeza 40.2, 40.0, kenako 38.2. Dzanja limayabwa kufuna labala. Osafufuta. Ifunseni kaye nambalayo kuti yachokera kuti. Yaperewera ndi masekondi 2, ndipo masekondi 2 ndi ulendo umodzi wathunthu. Mwachidziwikire munthu wawerenga maulendo 19 n'kumayesa ndi 20. Zimachitika kawirikawiri chifukwa potaya mwala munthu amati "wanu" m'malo moti "ziro", pomwe mwalawo sunayende ulendo uliwonse. Ndiye ulembe kuti 38.2 sunaiwerengere mu avereji, upereke chifukwa chake, ubwereze kuyezako. Kutero n'kosiyana kwambiri ndi kuitaya mwakachetechete chifukwa yakunyasa. Ngati chifukwa sukuchipeza, ndipo ukabwereza ikubweranso, isiye ikhale. Mwina ndi imeneyo yomwe ikunena zoona.

Manambala atiuza kuti kulemera sikukusintha nthawi, koma munthu wanzeru afunsabe kuti, zingatheke bwanji? Dziko limakoka mwala waukulu ndi mphamvu yaikulu, zimenezo n'zoona. Koma mwala waukulu ndi wovutanso kuusuntha. Wilibala yodzadza mchenga imafuna mphamvu zambiri kuti iyambe kuyenda kusiyana ndi yopanda kanthu. Mwala ukalemera kawiri, umakokedwa kawiri, komanso umakanika kawiri, ndiye ziwirizi zimathetsana. Anzathu awiri okangana aja aliyense anagwira theka la nkhani. Pomwe kulemera kumaonekera ndi pena: mwala wolemera umapitiriza kuyenda nthawi yaitali usanaime, chifukwa mpweya suugwira kwambiri, pomwe kampira ka pepala kamaima msanga.

Ndiye pa katungwe paja, wonenepa ndi wochepa thupi akakhala pansi osadzikankha, nthawi yawo ikhala pafupifupi imodzi. Koma wina akaimirira pathabwapo, pakati pa thupi lake pakwera m'mwamba, zili ngati chingwe chafupika, ndipo ayenda mwachangu. Amene anaonapo mwana woimirira akuthamanga kuposa wamkulu wokhala pansi sanaone molakwa. Anangoloza mbuzi yolakwika.

Mfundo iliyonse ili ndi malire ake, ndipo ngakhale akatswiri enieni amawadumpha. Galileo wa ku Italy, amene anayamba kufufuza za pendulum mozama ndipo analemba za izi m'kalata ina mu 1602, ankanena kuti mtunda womwe waukokera mwala susintha nthawi, kaya waukoka pang'ono kaya kwambiri. Ukaukoka pang'ono, tinene madigiri 10, omwe pa chingwe cha masentimita 100 ndi pafupifupi masentimita 17 cham'mbali, zimenezi n'zoona ndithu. Kusiyana kwake wotchi ya pafoni singakuone. Koma ukaukweza mwalawo mpaka chingwe chigone mopingasa, ulendo woyamba umatenga pafupifupi masekondi 2.4 m'malo mwa 2.0. Christiaan Huygens wa ku Netherlands, amene anapanga wotchi yoyamba yoyendera pendulum mu 1656, analimbana ndi vuto lomweli, chifukwa wotchi yomwe nthawi yake imasintha malinga ndi kukula kwa ulendo si yodalirika. Ndiye iwe ngati unayesa zokoka pang'ono zokha, unene choncho. Usalankhulire malo omwe sunafikeko.

Tikaphatikiza zonsezi, conclusion yabwino ingamveke chonchi, ndipo pamayeso mungoitembenuzira m'Chingerezi: "Nthawi ya pendulum imadalira kutalika kwa chingwe, koma sitinapeze kuti imadalira kulemera kwa mwala. Chingwe chitatalika kuchoka pa masentimita 25 kufika pa 100, nthawi ya maulendo 20 inachoka pa masekondi 20 kufika pa 40. Titasintha mwala, avereji inasiyana ndi 0.2 yokha, pomwe zoyeza zathu za mwala umodzimodzi zinkasiyana mpaka 0.5, choncho kusiyanako sitingakudalire. Nambala ya 38.2 sitinaiwerengere chifukwa ikufanana ndi maulendo 19. Mayeso onse tinakoka mwala pang'ono." Mizere isanu basi. Koma munthu amene sanalipo akhoza kuiwerenga n'kuona yekha ngati ukunena zoona, ndiponso akhoza kudziwa pomwe angakutsutsire.

Mwina wina akuti, zonsezi ndi za miyala ndi zingwe, zitithandiza chiyani? Ndikuuzeni za kolera. Tonse tikukumbukira mliri womwe unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Lero mwana wa pulayimale amadziwa kuti kolera imayenda ndi madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. Koma mu 1854 madokotala ambiri ku London ankakhulupirira kuti imabwera ndi mpweya wonunkha. Chaka chimenecho kolera inabuka mdera la Soho, ndipo anthu oposa 500 anamwalira m'masiku 10 okha. Dokotala wina dzina lake John Snow ankaganiza kuti vuto ndi madzi. Anatolera maina ndi malo okhala a omwalirawo, n'kupeza kuti ambiri ankakhala pafupi ndi pampu imodzi ya mumsewu wa Broad Street, pampu yopukusa ndi dzanja ngati mjigo wathuwu.

Umboni umenewu pawokha sunali wokwanira, chifukwa omutsutsa akanati mpweya woipawo ulinso pamalo omwewo. Chomwe chimandisangalatsa ndi mmene Snow anachitira ndi manambala osamvera aja. Mwa anthu 83 omwe anayamba kuwafufuza, 10 ankakhala pafupi ndi mapampu ena. Sanawafufute. Anapita kukafunsa khomo ndi khomo. Mabanja a anthu 5 anamuuza kuti ankakonda madzi a ku Broad Street ndipo ankatunga kumeneko ngakhale kunali kotalikirapo. Atatu anali ana omwe sukulu yawo inali pafupi ndi pampuyo. Panalinso zodabwitsa za mbali inayo: fakitale yofulula mowa ya mumsewu womwewo inali ndi antchito oposa 70, koma palibe anamwalira. Atafufuza anapeza kuti anali ndi chitsime chawo, komanso ankapatsidwa mowa pantchito, madzi a pampu ija sankamwa. Nyumba ina yosungirako anthu osauka, yomwe munali anthu 535, munamwalira 5 okha. Nayonso inali ndi madzi akeake. Ndiye panali mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu ndi Soho, amene anamwalira ndi kolera kudera komwe kunalibe mliri. Zinapezeka kuti ankakonda kukoma kwa madzi a pampu ija, ndipo ankamubweretsera botolo lake pangolo. Mpweya wa ku Soho mayiyu sanapume, koma madzi ake anamwa.

Mukuona? Anthu omwe ankaoneka ngati akugwetsa mfundo yake ndi omwe anailimbitsa, atawafunsa bwino. Pa 8 September 1854 akuluakulu a deralo anachotsa chopukusira cha pampuyo. Snow mwiniwake anavomera kuti mliriwo unali utayamba kale kuchepa chifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndiye sananene kuti kuchotsa chopukusirako ndiko kunatsimikiza zonse. Ndipo musaganize kuti anthu anamuombera m'manja. Ambiri sanamukhulupirire, anamwalira mu 1858 mfundo yake isanavomerezedwe, ndipo panadutsa zaka pafupifupi 30 kuchokera pa mliriwo kuti Robert Koch wa ku Germany atsimikizire dziko za kachilombo koyambitsa kolera.

Tibwerere kuno kwathu. Mwakwera minibasi kapena muli pamsika, wina akugulitsa mankhwala m'botolo, akuti mayi wina anamwa ndipo anachira. Umenewo ndi muyezo umodzi, wosabwereza, wopanda woyerekeza naye. Anthu angati anamwa osachira? Angati anachira osamwa? Chimfine chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi kapena iwiri, umwe chinachake kapena usamwe. Mauthenga a pa WhatsApp aja oti "asayansi apeza" nawonso afunseni zomwezo: anayeza chiyani, kangati, anayerekeza ndi chiyani?

Kumunda n'chimodzimodzi. Achinyamata ambiri tikulankhula za manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, chifukwa thumba la feteleza mtengo wake mukuudziwa. Wina ati amagwira ntchito ngati feteleza weniweni, wina ati n'kutaya nthawi. Ine sindikugamula pano. Ndikungoti ngati tikufuna kudziwa, tisathire manyowa mbali ya kuchulu n'kuthira feteleza mbali ya pansi pa mtengo, kenako n'kumati taona. Pachulu chimanga chimatha kukula mosiyana ngakhale osathira kalikonse, ndipo pamthunzi chimafooka. Tigawe timagawo tofanana kukula, titatu ta manyowa, titatu ta feteleza, titatu topanda kanthu, tisakanize malo ake m'mundamo. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lodzala limodzi, kupalira kofanana. Pokolola tiyeze pa sikelo chimanga chouma, osati kuyang'ana kubiriwira kwa masamba mu Januwale. Kenako tifunse funso lomwe lija la miyala: kodi kusiyana kwa manyowa ndi feteleza n'kwakukulu kuposa mmene timagawo titatu ta feteleza tasiyanirana tokhatokha? Ndipo zomwe tipeze zidzakhala za dothi limenelo ndi mvula ya chaka chimenecho. Apa nkhani si ya malikesi ayi, ndi ya ndalama za makolo athu komanso chakudya cha chaka chonse.

A wapampando andiyang'ana kawiri, ndiye ndimalize ndi pempho. Tikamakumananso, gulu lililonse libweretse chingwe chosachepera mamita atatu, kabotolo kokhala ndi chitsekero, mchenga pang'ono ndi foni imodzi yochajidwa. Tepi yoyezera tibwereke kwa amene ali ndi achibale a telala kapena kalipentala. Tikamanga chingwe cha masentimita 225 panthambi, ndipo gulu lililonse lidzalemba nambala yomwe likuyembekezera tisanayambe kuyeza. Tikatha, mudzasinthana mapepala, gulu lina liwerenge conclusion ya linzake n'kufunafuna pomwe lingaitsutse. Anzathu a Fomu 4 mubwere ndi makope anu a praktikolo, tidzaone limodzi ma conclusion omwe munalemba kale.

 Ngati pali mafunso, a wapampando, ndilipo.